Madigiri, Fani ndi Uchi wa Apongozi

Mu labu ina yoyezera zakudya muli kachipinda kotentha ngati uvuni. Zenera lotseka, makina ofunditsidwa thaulo ngati akudwala malungo. Ndi makina oyeza shuga. Madzi amadutsa m'kapaipi, kuwala n'kuwapyoza, ndiye mukakhala shuga kuwalako kumapindika, kamzere ka pa sikirini n'kudumpha. Anti a Thaulo awasamala zaka khumi ndi ziwiri.

Ndiye kunabwera Madigiri. Wantchito watsopano, mapepala a sukulu thoo, koma pampando sakhazikika. Mwendo gwedegwede, cholembera m'kamwa.

Tsiku lina panafika botolo la uchi. Mwini wake? Bambo a chibwenzi cha Madigiri, mlimi wa njuchi, ndipo ukwati unali mwezi wamawa. A sitolo ankafuna umboni woti uchiwo ndi weniweni.

Anti anali ndi ulendo wa kuchipatala. “Achimwene, musanayatse makinawa mundiimbire. Awawa ali ndi kakhalidwe kawo.”

“Anti, makinawa ndinawaphunzira mpaka kumawalota.”

Atangotuluka, thukuta kamukamu. Madigiri anachotsa thaulo, “Ndi khanda kodi?” Zenera pululu. Fani n'kuilozetsa pamakina pomwepo. Kudikira? Aaa, iye? Uchi uja kuusungunula m'madzi, m'makina lowu.

Kamzere kanayamba kudzandira ngati kaledzera. Kukwera, kutsika, kenako kaphiri pomwe sipayenera kukhala kanthu. Madigiri foni kukhutu, kuimbira chibwenzi chake.

“Bebi, usakwiye. Adadi ako amathira shuga mu uchi.”



“Bambo anga? Omwe njuchi zinawatseka diso dzana aja?”

“Sayansi sinama.”

Foni thi!

Masana Anti anaima pakhomo, manja kumutu. “Wamuvula ndani mwana wanga?”

“Kumatentha, Anti.”

“Kuwalaku sikupindika ndi shuga yekha ayi. Madziwo akazizira pang'ono chabe, kumapindikanso. Ndiye thaulolo, ndiye zeneralo. Simunayeze uchi inu. Mwayeza fani.”

Anatseka zenera, kufunditsa makina, n'kudikira kuti akhazikike. Maola awiri. Madigiri kukhomo, kuzenera, kukhomo. Kuimba foni kasanu ndi kawiri, osayankhidwa. Kamzere katagona mowongoka, Anti anayezanso. Uchi weniweni, wopanda ndi kadontho komwe ka chinyengo.

Chakumadzulo apongozi anatulukira, diso lidakali lotupa, kambale m'manja. Mwana wawo kumbuyo, manja pachifuwa.

“Ndamva kuti ndinu katswiri wa uchi, bambo. Talawani uwu.”

M'kambalemo munali chisa chofinya kale, phula lokhalokha. Madigiri anaponya m'kamwa. Kutafuna. Kutafuna. Kukoma kulibe, kumezeka osamezeka, kulavula pamaso pa apongozi n'kosatheka.

“Ukamaliza kumeza, tikambe za ukwati,” anatero mtsikana uja. “Ine sindikufulumira.”

Anti anamusunthira mpando, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerereni, Madigiri anakhazikika pampando, nsagwada zikugwira ntchito. Foni imodzi yokha kwa Anti ikanamupulumutsa. Paja akuluakulu sananame: safunsa adadya phula.