Kugogoda kwa m'paipi yachitsulo

Panali munthu wina, mmisiri wokumba zitsime. Chaka china mvula itachedwa, anthu a mudzi wa kumchenga anamuitana kuti awakumbire. Anakumba milungu itatu. Atafika pa dothi lonyowa, anatsitsa paipi yachitsulo yotsala pa mjigo wakale, kuti anzake pamwamba azipopa madzi a matope iye akupitiriza kukumba.

Tsiku lina m'mawa khoma la chitsime linagumuka iye ali pansi. Mchenga unatsika nudzaza dzenje kufika pakati. Chimene chinatsala poonekera ndi mutu wa paipi ija.

Anthu anathamangira pomwepo. Anasuzumira, naona mchenga. Anaitana dzina lake kangapo, osamva kuyankha. Wina anatenga kalilole nawalitsira dzuwa m'kati mwa paipi. Kuwala kunatsika, kukaima pa matope amene anatseka kunsi kwake.

Malume ake a mmisiriyo, mwini mbumba, anafika atavala jekete. Anayang'ana m'dzenjemo, nati, "Muno mulibenso munthu. Kauzeni a mpingo."

Maliro anayamba dzuwa lisanafike pamutu. Amayi analira. Kwaya inafika. Chimkuzamawu cha kutchalitchi anachimangirira pa mtengo wa mango, kuti ndi a kutsidya omwe amve kuti kuno kwagwa zovuta. Amuna anayi anatenga makasu nayamba kufukula, mopumira, monga afukulira mtembo. Amuna ena makumi asanu anakhala pamthunzi, zipewa zili pamaondo.

Mlongo wake wa mmisiriyo, Nangondo, ankakhala mudzi wina, ndipo anafika dzuwa litapendeka. Sanapite kumene kunakhala amayi. Analunjika pachitsime, nagwada, nakumbatira paipi ija polira, chipumi chitatsamira pa chitsulo. Pamenepo anasiya kulira. Anamva kanthu, osati m'makutu, koma m'fupa la mutu. Kugunda katatu, kenaka chete. Katatu kenanso.

Anaimirira nati, "Tatontholani. Zimitsani chimkuzamawucho. Achimwene akugogoda."

Malume anabwera. Anawerama, napendeketsa mutu, khutu lili pataliko ndi chitsulo, pakuti paipiyo inali ndi matope.

"Sindikumva kanthu."

"Ikani khutu pa chitsulo penipenipo, malume. Kapena auzeni akhale chete pang'ono pokha."

"Ndiletse maliro, anthu achoka kutali? Ukugundawo ndi mtima wako, Nangondo. Amayi, tamutengani akapume."

Amayi anamugwira mwachifundo, wina dzanja ili, wina ilo, napita naye m'nyumba. Pamene ankakuwa ali m'katimo, kwaya inakweza nyimbo kuti imutonthoze. Palibe wina amene anagwada pa paipiyo.

Amuna anayi aja anamufika mawa lake masana. Thabwa limodzi mwa amene ankachirikiza khoma linali litapingasa pamwamba pake, kumusiyira kamalo kopumira. Anamupeza atakhala tsonga, mwala uli m'dzanja. Chitsulo cha pambali pake chinali chitayera ndi kumenyedwa. Thupi lake linali lisanazizire.

Inu ophunzira anga, m'kalasi muno mwaphunzira kuti kuwala ndi mawu zimayenda ngati mafunde, koma mayendedwe ake ndi osiyana. Kuwala kulibe chokuposa liwiro, komabe dothi lochepa ngati chikhato limakuimitsa. Amene anayang'ana m'dzenjemo sakanaona munthu, ngakhale akanakhala ndi maso otani. Mawu ndi kunjenjemera kwa chinthu, ndipo amafuna chowanyamula. Mpweya umawanyamula. Mchenga wosagwirana umawameza, n'chifukwa chake kuitana kwawo sikunayankhidwe. Koma chitsulo chimawathamangitsa kuposa mpweya pafupifupi kakhumi ndi kasanu, ndipo sichiwataya msanga m'njira.

Munthu uja anadziwa zimenezi popanda kukhala pa desiki pamene mwakhalapo. Mumdima, mpweya ukumuthera, anasankha njira yokhayo imene inatsala, ndipo njirayo sinamunamize. Kugogoda kwake kunafika pamwamba, kulikonse kumene anagogoda, kuyambira m'mawa uja mpaka mkono unalema. Kunafika pakati pa anthu oposa zana amene anasonkhana chifukwa cha iye.

Musadzanene kuti anaphedwa ndi mchenga. Musadzanenenso kuti anthuwo analibe chikondi. Analira misozi yeniyeni, ndipo ena anayenda mtunda wautali ndi njala. Koma anafulumira kumulira kuposa kumumvera, ndipo mawu amene ankawamva tsiku lonselo anali awo omwe. Mkulu amene anali ndi mphamvu yoletsa phokoso anamvetsera mumphepo, nagamula.

Pa mayeso mudzalemba kuti mawu amayenda bwino m'chitsulo, ndipo mudzakhoza. Sindikukufunsani zimenezo lero. M'nyumba zanu, m'mipingo yanu, m'maofesi amene mudzagwiremo ntchito, mudzakhala anthu okwiririka amene mawu awo sadutsa mpweya. Mudzakhalanso wina mmodzi, kawirikawiri amene simumuwerengera, wonena kuti akumva kugogoda. Musadzayambe ndi kumufunsa ngati mutu wake uli bwino. Zimitsani chimkuzamawu, mugwade, muike khutu pamene iye anaika.

Nyimbo ikanatha kudikira mphindi imodzi. Munthu uja anaidikira mphindiyo tsiku lathunthu.