Sivi ya Msuweni

Fanizo ankagulitsa misomali ndi utoto m'sitolo ina ku Limbe, koma mtima wake unali ku Lizulu, kumene anasiya mkazi wake Aida ndi mwana wawo Mfundo. Kwawo ankapitako pa Khirisimasi ndi pamaliro basi. Mwanayo anamera mano n'kuyamba kuyenda bambo ake akungomvera pafoni, ndipo zimenezi zinkamuwawa Fanizo kuposa njala.

Tsiku lina Aida anaimba foni mokondwa. "Bambo a Mfundo, bungwe lija lochulukitsa mbewu ya kachewere likufuna mlangizi wa alimi konkuno. Tumizani sivi msanga, mwina n'kubwerako kumeneko."

Fanizo anakhala pansi kulemba za maphunziro ake ndi ntchito zimene anagwirapo. Anali ndi setifiketi ya Fomu 4, zaka zambiri zolima kachewere ndi malemu bambo ake, ndi Chipwitikizi chimene anatola pamsika wa m'malire. Ataziwerenga, zinamuonekera ngati nsanza. Ndani angalembe munthu ntchito chifukwa cha khasu? Anapita kwa msuweni wake Dyton, kalaliki wa pakampani ina, n'kubwereka sivi yake. Anafufuta dzina la Dyton n'kuikapo lake, zina zonse n'kuzisiya momwemo: kosi ya kompyuta, zaka za mu ofesi. Za kumunda sanazitchule n'komwe.

"Nanga akakakufunsani za kompyutazo?" Aida anafunsa atamva.

"Amayi a Mfundo, pepala ndi longolowera pakhomo. Zam'kati ndikaonera komweko."

Pakhomo analowadi. A bungwe lija anamuitana ku mayeso a ntchito ku Ntcheu boma, ndipo anafika atatchena, tayi ali pakhosi. Mayi amene ankatsogolera bungwelo anamukankhira kompyuta. "Mwalemba kuti iyi ndi ndiwo zanu. Tatilembereni mayina a alimi awa."

Fanizo sanadziwe n'komwe podina. Kunja kunali chisanu cha mu Juni, koma iye thukuta linali kamukamu. Bambo wina mwa oyesawo, pomumvera chisoni, anamufunsa chimene angachite chiwawu chikagwa m'munda wa kachewere. Apo lilime linamasuka. Anafotokoza za masamba oyamba kuda, za kuzula mapesi odwala, za mbewu yosayenera kusunga.

Mayi aja anapukusa mutu. "A Fanizo, zimenezi bwanji simunalembe? Ife timafuna munthu wodziwa munda. Kompyuta tikanakuphunzitsani. Koma mlangizi amasunga mbewu za anthu. Munthu wotinamiza tisanamulembe n'komwe, tingamusungitse bwanji?"

Anakwera minibasi ya ku Lizulu ali khuma, n'kukagona kwawo tsiku limodzi. M'mawa Aida anamuikira kachewere m'thumba. Mfundo anagwira thalauza la bambo ake.

"Ababa, amayi anati mukabwera mwabweratu. Nanga mukupitanso kuti?"

Fanizo anamusisita pamutu n'kunyamula thumba lija. Basi itanyamuka, anayang'ana minda ya kwawo ikutsalira m'mbuyo, minda imene ankaidziwa mzere ndi mzere koma anachita nayo manyazi papepala. Anaisirira ngati ya eni, misozi ikulengeza m'maso. Ntchito ija inali yomuyenera, akanangopita ndi zake zomwe anazitcha nsanzazo. Akuluakulu sananame: nsalu yobwereka sithetsa usiwa.