Mabatani Onyezimira pa Kompyuta Yokalamba

M'shopu ya atelala munali kompyuta yokalamba, ya sikirini yonenepa, imene inkayendetsa makina opeta maluwa pansalu. Makinawo sankamvera kompyuta ina iliyonse. Chovuta chinali chakuti atelalawo ankachita kutayipa malamulo ataliatali ndi chala chimodzi, magalasi ali pamphuno.

Mlamu wawo, wolemba mapulogalamu amene anthu ankangomutcha Katswiri, anadziguguda pachifuwa. "Alamu, zovutikazi zatha. Ndikupangirani mabatani, muzingodina basi."

Ntchito yotere munthu amayamba wasankha laibulale, mtolo wa mawindo ndi mabatani okonzeratu. Malaibulale oti n'kulowa m'kompyuta ya atelalayo analipo awiri. Ina inali yopepuka, ya mabatani otuwa ngati njerwa za simenti. Inzake inali yonyezimira, ya mabatani ozungulira okhala ndi timithunzi. Katswiri atangoiona yachiwiriyi, mtima unagwa pomwepo.

"Kodi gogoyu ausenza katundu ameneyu?" anafunsa atelala akusisita kompyuta.

"Inu sokani, za makompyuta mundisiyire."

Pulogalamuyo anailemba pa laputopu yake yatsopano, ndipo pamenepo inkathamanga bwino. Zokaiyesa pa gogo uja anati n'kutaya nthawi.

Lachinayi linakwana, Katswiri naiika pulogalamuyo mu gogo uja. Madiresi khumi ndi awiri a kwaya, oti akaimbire Loweruka, anali mulu patebulo, mayi otsogolera kwayayo atakhala pambali. Atelala anadina batani. Zii! Gogo anabuula, windo n'kumatseguka mzere umodziumodzi, mpaka anthu anamwa tiyi n'kutsuka makapu. Kenako singano inayamba kupeta, koma laibulale ija inali itadya memori yonse, gogo n'kusowa poganizira. Makina anaima duwa lili theka.

Mayi aja ananyamula diresi n'kuliyang'anitsitsa. "Bambo, limeneli ndi duwa kapena khutu la mbuzi?"

Katswiri anagwidwa manyazi, thukuta lili kamukamu. Mosatsutsanso anatenga laibulale yotuwa ija, nakhala pa kompyuta yokalambayo mpaka Lachisanu masana, akulemba n'kumayesa pomwepo. Mabatani ake anali osakongola, koma ukangodina, singano inkavina nthawi yomweyo. Madiresi onse anatha dzuwa lisanalowe, kupatula lolakwika lija, limene atelala anapatsa Katswiri pamodzi ndi kalumo.

"Somolani khutu lanuli, alamu. Izi ndiye za ife osoka, ndikuphunzitsani."

Katswiri anaseka, nayamba kusomola ulusi umodziumodzi. Anali ataona yekha kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.