Chogwirira cha aNachisale

Panali munthu wina, a Chimtengo, mlimi wa kachewere, amene mkazi wake, aNachisale, anadwala sitiroko. Mwendo unayamba kubwerera pang'onopang'ono. Koma dzanja lamanja linatsala ndi khalidwe lachilendo. Kugwira linkagwira, kumva ayi. Ngakhale munga ulowe, eni ake osadziwa.

Chimene chinkawapweteka mtima mayiwa chinali kunyamulidwa ngati khanda popita kuchimbudzi, anthu akuona. Anayamba kukana madzi, phala n'kumangolawa, kuti asamavutitse anthu. Thupi linayamba kutha.

Mwamuna uja anaona. Sanawakalipire. Anazika mitengo ya bulugamu kuchoka pakhomo mpaka kuseri kuchimbudzi, n'kugula timatabwa ta mlombwa tosalala toti akhome pamwamba, mayi aziyenda atagwirira. Anatenga sikuluwu n'kuimenya ndi hamala, monga timachitira ambirife. Musayang'ane pansi, ndakuonani. Thabwa lija kuti ng'aa, kung'aluka mpaka pakati.

Ananyamula chidutswacho ulendo kwa mlamu wake, mchimwene wa aNachisale, kalipentala wa pamsika.

"Alamu, thabwa munandigulitsali ndi lamwano."

Kalipentala analitembenuza n'kuseka. "Wamwano ndinu, alamu. Mlongo wanga munamutenga bwino, mwaulemu, ankhoswe kutsogolo. Nanga thabwali mukulowamo ndi hamala bwanji?"

Tsono ndikufunseni inu mwakhala apa. N'chiyani chimene chimalimba ukayamba wachiboola? Mwakhala chete. Ndi thabwa louma.

Kalipentala anakhuthula chitini cha tizitsulo toboolera, timene iwo amati mabiti. Anatola kamodzi kowonda, n'kukaimika kutsogolo kwa sikuluwu, moyang'ana kuwala.

"Taonani. Kabise thupi la sikuluwu, koma mazinga ake azisuzumira uku ndi uku. Kakabisa ndi mazinga omwe, kakula, sikuluwu ikangogwedera. Kakaonetsa thupi lambiri, kachepa, mubweranso kuno ndi chidutswa china. Kameneka ndi kotsogolera njira."

Kenako anatola kena kakafupi, konenepa, kosongoka ngati denga la nkhokwe. "Aka ntchito yake ndi pakamwa pa bowo pokha. Kamakumba kambale koti mutu wa sikuluwu ugonemo, usatulukire pamwamba. Musakaiwale. Dzanja la mlongo wanga lija silidzakuuzani kanthu."

Kalipentala anamubwereka tizitsuloto ndi chobowolera chopukusa pamanja, munthu uja n'kubwerera.

Ntchito inayenda mwaulemu. Kaye kabowo kowonda, kenako kambale, kenako sikuluwu kulowa yokha mosakangana ndi thabwa. Mlombwa sunadandaulenso. Atafika kuseri anayendetsa chikhatho pamwamba ponse, n'kumva kuti pasalala.

Koma anaima n'kuyang'ana chikhathocho. Chikhatho cha khasu, anthuni, chokhakhala ngati khungwa. Chingamve chiyani chimenecho? Anazindikira kuti pakhomopo manja osamva alipo awiri.

Ndiye anawerama, n'kugoneka tsaya pathabwa, n'kuyamba kuyenda chowerama kuchoka pakhomo, tsaya likukwekwereza.

Amayi ochokera kumjigo anaima panjira, zidebe pamutu.

"Mayo, a Chimtengo apenga! Akupsompsona thabwa masanasana!"

"Akazi awo ali m'nyumbamo, iwo apeza wina wosalala!"

Iye osadzuka. Anangokweza dzanja kuwapatsa moni, tsaya lili pomwepo. Pafupi ndi pokhotera anamva kuti tswa. Mutu wa sikuluwu imodzi unali utatsala pamwamba pang'ono, mwina ngati chikhadabo, ndipo unali ndi kamlomo kakuthwa pamene sikuludiraiva inaterereka. Diso silikanauona. Patsaya panatuluka kadontho ka magazi.

Anaimasula sikuluwu ija n'kuitaya. Anapukusanso kachitsulo konenepa kaja, kambale kanazama, n'kumangapo ina. Anagonekanso tsaya lomwelo, n'kupitiriza mpaka kumapeto.

Atatero anakaima pakhomo. "aNachisale, tatulukani mudzaone msewu wanu."

Mayi aja anatuluka. Anaika dzanja losamva lija pamlombwa, n'kuponda, n'kulitsetsereza, n'kupondanso. Mwamuna anafuna kuwatsatira.

"Mukupita kuti, bambo a Tadala? Kumeneku munthu amapita yekha."

Anapita okha. Anabwera okha, thukuta kamukamu, akupuma ngati akwera phiri. Atakhala pampando anatembenuza dzanja lija, kuliona kuno ndi kuno. Linali bwinobwino. Anayang'ana kabala ka patsaya la mwamuna wawo. Kenako anati, "Nditungireni madzi. Mudzaze kapu."

Abale anga, aliyense wa inu ali ndi munthu amene sadandaula. Mwina ndi mkazi wanu, mwina bambo anu okalamba, mwina mnzanu wa pantchito. Mumati poti sanalire ndiye kuti palibe chomubaya. Chikhatho chanu nachonso chinakhakhala kale ndi kuzolowera. Musanamuuze kuti zonse zasalala, weramani, mudutsepo inuyo kaye ndi pamene pamamva. Odutsa panjira akaseka, apatseni moni.