Mpata wa Pansi pa Denga

Mwamuna wake atamwalira, Winfrida wa kufupi ndi ku Mkaika anatsala ndi ana awiri ndi njinga imodzi. Njingayo anaigulitsa akulira, n'kugula anapiye ku Katete. Ankati nkhukuzo zikakula adzazigulitsa kwa alendo obwera ku mwambo wa Kulamba, kuti ana asasiye sukulu.

Koma chisanu cha chaka chimenecho chinali choluma zedi. Winfrida anaika mbaula ya makala pakati pa khola, anapiye n'kuizungulira. Tsiku lina atakweza dzanja pampata wa pansi pa denga, anamva mpweya wofunda ukutuluka. Mtima unamuwawa. Makala ake omwewa azikaotha akhwangwala? Anatenga masaka n'kuyamba kutseka mpatawo, pamodzi ndi timabowo ta m'munsi mwa khoma.

Alice, mlongo wa malemu mwamuna wake, anamupeza ali pamwamba pa mtondo, saka lili m'manja.

"Alamu, musatseke pamenepo," anatero Alice. "Mpweya ukatentha umapepuka n'kukwera, ndipo potuluka umatenga mpweya woipa wa makala. Wabwino umalowera m'munsimu kudzatenga malo. Mukatseka konse, anapiyewa apuma chiyani?"

Winfrida sanatsike n'komwe. Chichokereni maliro, mawu alionse a kuchimuna ankawamva ngati minga. "Njinga munaidandaula, lero mwayamba nkhuku. Ndisiyeni ndilere zanga."

Alice anangobwerera.

Lamlungu kunacha ndi mphepo. Winfrida anawonjezera makala, anakoka chitseko mpaka gwa, n'kupita ku tchalitchi mtima uli m'malo. Pobwera masana anadabwa kuti kukhola kuli zii. Atatsegula, mpweya wolemera unamuwomba kumaso mpaka chizungulire. M'kholamo munali mofunda bwino lomwe, monga ankafunira. Anapiye onse anali gone atafa kuzungulira mbaula, timiyendo tili tambalale.

Anakhala pansi pakhomo pomwepo. Sankalira nkhuku zokha ayi. Ankalira njinga ija, imene mwamuna wake ankamukwezapo popita kuchigayo, ndi sukulu ya ana imene inapita pamodzi nayo.

Amene anabwera ndi khasu kudzamuthandiza kukwirira anali Alice yemwe uja. Sananene kuti ndinakuuzani. Atamaliza, anakwera pamtondo n'kuchotsa masaka aja limodzilimodzi.

"Alamu, ndinkayesa mukundida," anatero Winfrida.

Anazindikira madzi atafika kale m'khosi kuti wakutsina khutu ndi mnansi.