Eee, Masitaji!

Khonde la a Bhupal Dhapola ku Dhaurkot silinkasiyana ndi kalasi. Choko anali atachitula kalekale n'kukhala phungu m'nyumba ya malamulo ya chigawo chathu cha kumapiri, komabe odzawaona m'mawa ankawakhazika pa mabenchi m'mizere, aafupi kutsogolo, aatali kumbuyo. Aliyense ankayamba wawerama n'kuwagwira mapazi, monga timachitira ndi mphunzitsi, kenako n'kudikira kulozedwa chala. Dzina loti Olemekezeka linawakana. Kwa tonse anali Masitaji basi, kutanthauza aphunzitsi m'chilankhulo chathu, pakuti m'chigwa chonsecho munalibe nyumba yopanda munthu amene anadutsa m'manja mwawo.

Kuphunzitsa ankakutha, pamenepo tisawanamizire. Koma anali ndi kachizolowezi kamodzi. Akamaliza kufotokoza samu ankatembenuka n'kufunsa kuti, "Mwamva?" Mwana wonena kuti sanamve ankamuimika pa benchi, manja m'mwamba, mpaka belu litalira. Ana si opusa. Anatulukira msanga kuti njira yachidule yopitira kunyumba ndi kukuwa pamodzi kuti, "Eee, Masitaji!" Anawo anakula, anamera ndevu, ena mpaka imvi, koma yankho lija linawakanirira pakamwa. Masitaji linkawakomera m'khutu ngati nyimbo. Akakhala ndi aphungu anzawo kulikulu ankadzitama kuti, "Inu vutikani ndi kufufuza maganizo a anthu. Ine ndimangofunsa kalasi yanga."

Atapambana kachiwiri anawapatsa unduna wa maphunziro, ndipo apa m'pamene mutu unakula. Patapita zaka anaganiza zotseka timasukulu ta m'midzi ya kutsidya kwa mtsinje, tija ta mphunzitsi mmodzi kapena awiri, n'kumanga chisukulu chosanjikiza ku Dhaurkot, dzina la malemu bambo awo lili pachipata. Chisankho chinali chaka chotsatira, ndipo iwo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti sukuluyo ndi imene idzawabwezere pampando.

Anaitanitsa msonkhano pabwalo la mpira, nabweretsa bolodi. Anajambula sukuluyo, mawindo ake, makwerero ake, ngakhale malo oimika mbendera. Kenako anasasa m'manja n'kutembenuka.

"Mwamva?"

"Eee, Masitaji!" bwalo lonse linayankha.

Dzanja limodzi lokha linakwera. Linali la Hansa Karki, mphunzitsi wa pa kasukulu ka ku Malli kutsidyako. Ali mwana, palibe amene anaima pa benchi kuposa iye.

"Ine sindinamve, Masitaji."

Anthu anazyolika. Masitaji anavula magalasi. "Hansa, mpaka lero? Benchi lija silinakuphunzitse kanthu?"

"Linandiphunzitsa kuona patali, Masitaji, paja ndinkakhalira pamwamba. Mvula ikayamba, mtsinje uja timawolokera m'kabokosi kolendewera pachingwe. Ndi mayi uti angakweze kamwana m'menemo m'mawa ndi madzulo? Atsikana amayamba amwetera ng'ombe udzu asananyamuke, ndiye kuno azifika nthawi yanji? Makolowa akuti eee, koma ana sadzawatumiza."

"Mlatho ukubwera."

"Mlathowo unanyamuka ine ndili mwana, Masitaji. Kaya unaima pati."

Wina kumbuyo anaphulika kuseka, n'kusandutsa chifuwa. Masitaji nkhope inachita bii. Analoza Puran, wogulitsa tiyi pokocheza kabokosi kaja, bambo wamkulumkulu wa ana anayi. "Iwe Puran, ana ako ali kutsidya. Pali vuto?"

Puran anaimirira, manja kumbuyo monga zinkakhalira tsiku la masamu. "Palibe vuto, Masitaji."

"Wamva, Hansa? Khala pansi."

Madzulo ake a Basanti, akazi awo, anawaikira chapati ndi mphodza, n'kukhala chapambali. "Bambo a Mohan, mtsikana uja sananame. Zimene amayi akulankhula kuchitsime ndi zina."

"Amayi a kuchitsimewo ndinawaphunzitsa ndine."

"Ndiye chifukwa chake sakuuzani."

"Iwenso wayamba ndale? Bweretsa mchere."

Kwathu kuno ndodo ya nduna ndi kusamutsa anthu. Pasanathe mwezi Hansa anauzidwa kuti akufunika kwambiri ku Khalia, sukulu yomalizira kumtunda kwenikweni, kumene madzi amaundana m'ndowa ndipo aphunzitsi amapitako kukaiwalika. Tsiku lonyamuka anadzera pakhonde paja, nawagwira mapazi monga mwa mwambo.

"Tsopano wamva?" Masitaji anafunsa.

"Ayi, Masitaji. Sindinamvebe."

Sukulu inatsegulidwa ndi ng'oma, ndipo Masitaji anawaveka nkhata za maluwa mpaka khosi osaoneka. M'chilimwe ana ankabwera ndithu. Mvula itagwa, mtsinje n'kuyamba kubangula, mabenchi a ana a kutsidya anayamba kusonkhanitsa fumbi. Mphunzitsi wamkulu wa pasukulupo nayenso anadutsa m'manja mwa Masitaji, ndiye ankadziwa chochita. Nduna ikabwera kudzayendera, iye ankatenga ana a m'tauni n'kumawathamangitsa pa makwerero akumbuyo, kalasi ndi kalasi, kuti nduna izipeza paliponse podzaza. Masitaji ankalowa, n'kufunsa ngati onse amabwera tsiku lililonse, n'kulandira yankho lawo lija. Pobwerera kunyumba anauza a Basanti kuti ana a kutsidya amafanana nkhope modabwitsa, mwina chifukwa chokwatirana pachibale. A Basanti anangoyang'ana kudenga.

Nthawi yokopa anthu itakwana Masitaji anawoloka n'kupita ku Malli. Kasukulu ka Hansa kanali katasanduka khola la mbuzi. Puran ndi amene anawaveka maluwa, akumwetulira mano onse pamtunda. Pamtsetse pamwamba pawo mwana wake wamkazi anali kumweta udzu, dzuwa lili pamutu, tsiku la sukulu. Masitaji anamuona, koma mphunzitsi wodziwa kale yankho safunsa funso.

"Ana anga, mundivotera?"

"Eee, Masitaji!" Mapiri anabwezera mawuwo, mwakuti anawamva kawiri.

Wopikisana nawo anali Jagat Bora, mwini malole, amene anabwereza kalasi kawiri m'manja mwa Masitaji omwewo. Kulankhula sankatha. Lonjezo lake linali limodzi, kutulutsa mbuzi m'timasukulu n'kubwezeramo ana. Masitaji ankamuseka poyera kuti munthu wolephera kugawa sangagawe chitukuko. Anaiwala kuti m'kachipinda kovotera mulibe benchi loimikapo munthu.

Masitaji anagwa, ndipo anagwa chagada. Kutsidya konse mavoti awo sakanadzaza ngakhale kabokosi ka pachingwe kaja. Unduna unapita, galimoto ya mbendera inabwerera kulikulu tsiku lomwelo.

M'mawa mwake khonde linadzaza ngati pamaliro. A ku Malli anawoloka mtsinje kudzapepesa, Puran ali patsogolo, maso ofiira. "Atibera, Masitaji. Ndi makina ovotera aja, sitikuwakhulupirira ife." Ena anavomereza ndi mitu. Masitaji anawayang'ana mzere ndi mzere, nkhope zonse zodziwika, ndipo pakamwa panayabwa monga kale.

"Nonsenu munandivotera?"

"Eee, Masitaji!"

Linatuluka msanga, pamodzi, mosalala, ndendende mmene linkatulukira belu likayandikira. Masamu Masitaji ankawadziwa. Anthu a ku Malli amene anali pakhondepo okha ankaposa mavoti onse amene anapeza kumeneko. Kwa nthawi yoyamba analimva yankholo mmene linalili, ndipo mtima unawawa kwambiri, pakuti anazindikira kuti bodza limeneli analiphunzitsa okha, ndi benchi, zaka zonse zija, ndipo palibe phunziro lawo lina limene ana analigwira bwino chotere. Anawabalalitsa ndi dzanja, nalowa m'nyumba.

Sabata isanathe mabenchi aja analibe okhalapo. Odzagwira mapazi anali atapeza khonde lina, kwa Jagat, kumene ankakhala mmene afunira. Masitaji ankakhala okha ndi tiyi wozizira, kumvetsera mtsinje.

Tsiku lina masana kunatulukira munthu atafunda bulangete la kumtunda, milomo yong'ambika ndi chisanu. Anali Hansa. Anatula kabotolo ka uchi wa ku Khalia, nawerama kuwagwira mapazi.

"Ndinamva, Masitaji. Ndati ndidzakuoneni."

Masitaji anamuyang'ana nthawi yaitali. "Nawenso unandivotera, eti?"

"Ayi, Masitaji. Sindinakuvotereni."

A Basanti, amene anali pakhomo ndi thireyi, anagwira pakamwa. Koma Masitaji anapumira m'mwamba ngati munthu amene wamwa madzi ataponda ulendo wautali. Hansa anati azikhala pa benchi lakutsogolo, iwo n'kumuletsa. Anaimirira, nakoka mpando wawo womwe uja, umene panalibe anaukhalapo chiyambire, n'kumuikira. Iwo anakakhala pa benchi, mawondo ali m'khosi.

"Za mtsinje zija, mwana wanga," anatero chapansipansi. "Tayambiranso poyamba. Ine sindinamve."

Hansa anafotokoza bwinobwino, ndipo ulendo uno anamva zonse. Kungoti mayeso anali atalembedwa kale, zotsatira zitatuluka, mpando uli ndi mwini malole. Anthu a eee anali nawo chigwa chonse, koma wowafunira zabwino anali mmodzi, ndipo ameneyo ndi amene anamuthamangitsira kuchisanu. Akuluakulu sananame pamene anati wakutsina khutu ndi mnansi.