Wokhoma Mabokosi Avala Zoyera

M'tauni ina munali bambo wina amene anakhoma mabokosi a maliro zaka makumi awiri, pamsewu wopita kuchipatala. Atakwanitsa zaka makumi anayi ndi zisanu, anatopa ndi kukumana ndi anthu zonse zitatha kale. Anatseka shedi yake nakaphunzira unamwino, m'kalasi ya ana oti akanatha kuwabereka. Anzake anamuseka kuti ndi ntchito ya akazi. Iye sanaope kusekedwa ayi. Ankaopa maso ake, chifukwa akangoona munthu atagona, maso aja ankayamba okha kuyeza msinkhu.

Atamaliza, anamutumiza kuwodi ya ana pachipatala chomwecho. M'mawa wina anamuuza kuti ayeze mkono wa kamtsikana kofooka ndi malungo. Inu, chizolowezi n'choipa! Bambo uja anatambasula tepi kuchokera kumutu mpaka kumapazi, nasolola pensulo kukhutu.

Mayi wa mwanayo anamuyang'anitsitsa, ndipo anamuzindikira. Anali yemweyo amene anakhoma bokosi la mwana wake woyamba.

"Mayo ine! Mwayamba kale kumuyeza?"

Anazula diripi, nabereka mwana, ulendo wa kugeti.

Bambo uja anatsala ali chiimire, tepi ili m'manja. Ankadziwa kuti mwanayo akapita kumudzi safika mawa. Koma amuthamangire? Pageti pankakhala anthu ambiri omudziwa, ndipo akanati wamabokosi akuthamangira kasitomala. Mantha anamunong'oneza kuti abisale m'chipinda cha mankhwala, atume namwino wina. Koma enawo anali kutali, ndipo mayi uja anali atatsala pang'ono kukwera kabaza.

Bambo uja anathamanga. Anthu anayambadi kuloza ndi kunong'onezana. Atamupeza mayiyo, anagwada pafumbi ndi yunifolomu yake yoyera.

"Mayi, simunalakwitse, ndine ndemwe. Ndinakukhomerani limodzi, ndipo mpaka lero limandiwawa. Lachiwiri sindikulifuna. Chonde bwererani."

Mayiyo anaima nthawi yaitali, mwana ali lende kumsana. Kenaka anatembenuka.

Atafika m'wodi, msempha wa mwanayo unali utabisala. Bambo uja anayesa kubwezera diripi, koma analephera kawiri. Anafuna kuitana wina, koma mayi uja anagwira kamkonoko nakasendeza kwa iye.

"Yesaninso, bambo. Inuyo mukudziwa kumene akupita mukalephera."

Kachitatu singano inalowa.

Abale anga, ambiri a ife Mulungu akutiitanira ku moyo watsopano, koma tikuopa anthu amene akudziwa mbiri yathu. Timafuna mantha ayambe atha, ndiye tidzuke. Bambo uja mantha sanamuthere. Anathamanga nawo, anagwada nawo, navomera pamaso pa anthu chimene anali. Akanadikira kuti mtima ukhale pansi, kabaza akananyamuka. Nanunso pali munthu amene ali pageti lero, ndipo sadikira kuti mulimbe mtima.